Chithunzi Chimene Alendo Amabwera Nacho Kunyanja

Mlendo amene wakwera ndege ku London kapena ku Berlin kudzaona Nyanja ya Malawi sabwera chimanjamanja. Amakhala atanyamula kale chithunzi m'mutu mwake: madzi oyera mbee, mchenga wofewa, msodzi ali yekha m'bwato dzuwa likulowa, ndiponso anthu osaleka kumwetulira, poti dziko lathu amalitsatsa ndi dzina loti Warm Heart of Africa. Ife amene tinabadwira m'mphepete mwa madziwa, amene timapangira wudhu madzi omwewo, tili ndi ufulu wofunsa ngati chithunzicho n'choona.

Kunena za nyanjayo payokha, mlendo sanamizidwa. Ku Chembe, kumene iwo amakutcha Cape Maclear, munthu akangomiza nkhope m'madzi pafupi ndi miyala ya pachilumba cha Thumbi amaona mbuna zamawangamawanga, zina zobiriwira, zina zachikasu, mitundu mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. N'chifukwa chake malowa anasanduka paki yotetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Ntchito ya Allah sifuna wotsatsa malonda. Zokhumudwitsa zilipo ndithu: likodzo limene mapepala okopa alendo salitchula mokweza, mwera wa mu Juni ndi Julayi umene umatsekereza mabwato kumtunda, ndi chambo chimene chinachepa mpaka ifenso eni ake timachiona patalipatali. Koma zimenezi mlendo amazikhululukira msanga.

Pamene chithunzi chija chimaphonya ndi pa anthufe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 mwa 100 alionse m'Malawi ndi Asilamu, ndipo m'boma la Mangochi ndife oposa theka. Komabe mlendo akadzidzimutsidwa ndi adhana ya m'bandakucha amafunsa modabwa ngati kuno kulinso Chisilamu. M'mabuku amene anawerenga asanabwere timatchulidwamo kamodzi kokha, pa mutu wa ukapolo.

Pa Nkhotakota amamuonetsa mtengo umene akuti David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Amamuuza za anthu amene ankawolotsedwa nyanja m'zombo n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Zimenezi zinachitikadi, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda analowererapo. Msilamu amene angazikane ndiye kuti wasankha bodza, ndipo bodza silikongoletsa chipembedzo. Chimene chimatiwawa n'choti nkhaniyo imathera pompo, ngati kuti zombo zija sizinanyamulepo china. Njira yomweyo ya ku Kilwa ndi imene anayenda Sheikh Abdallah Mkwanda pokafuna maphunziro, n'kubwerera kudzaphunzitsa anthu a kunyanja kuwerenga Qur'an ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu. Mpunga umene mlendo amadyera chambo chake pa Nkhotakota uli ndi mbiri yofikanso kugombe lomwelo. Izi sizifafaniza misozi ya akapolo, koma nazonso n'zoona, ndipo woonetsa alendo sazinena chifukwa iyenso palibe anamuuza.

Ku Mangochi n'chimodzimodzi. Mlendo amajambula nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria ndi mfuti ya sitima ya Gwendolen imene inawombera sitima ya Ajeremani mu 1914. Ku Cape Maclear amakaona manda a amishoni amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881. Kenaka amapita kwawo ali wokhutira kuti waona mbiri ya nyanja, pamene mizikiti yonse imene anaidutsa panjira anaiona ngati nyumba wamba zopaka njereza.

Zonsezi tikanazipirira, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chotidetsa nkhawa ndi chimene chimatsalira iye akapita. Ana athu ndi ochenjera, ndipo amazindikira msanga kuti chithunzi chija chili ndi mtengo wake. Mwana amene masana timamuyembekezera kumadrasa amakhala ali kugombe, akumwetulira kamera, ndipo mawu oyamba a Chingerezi amene waloweza ndi opemphera ndalama. Mnyamata wa zaka 15 amene wapeza tsiku limodzi ndalama yoposa imene bambo ake amapeza ndi chilimira usiku wonse, mungamuuze chiyani za kuleza mtima pa maphunziro? Pakadali pano mayi wa mpango kumutu, amene watchinga nkhope ndi dzanja kuti asajambulidwe akuchapa padooko, amaoneka ngati ndiye akuipitsa mbiri ya dziko la anthu ansangala. Chonsecho iyeyo ndi amene wasunga ulemu wake.

Palinso malire amene ena ayamba kuwafufuta. Beni ndi gule, ndipo achinyamata akamuvina pamalo ogona alendo n'kulandirapo kangachepe, imeneyo ndi ntchito ngati ina iliyonse. Sikiri ndi kukumbukira Allah. Ngakhale mashehe athu amasiyana maganizo pa kachitidwe kake, sitikhulupirira kuti alipo angavomereze kuti ichitike pa ola limene alendo amaliza chakudya chamadzulo.

Sitikuti alendo aleke kubwera. Ndalama zawo zimagula usipa wathu, zimalemba ntchito abale athu, zimalipirira ana sukulu. Ndipo Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatiphunzitsa kuti kulemekeza mlendo n'chizindikiro cha chikhulupiriro, ndi kuti kuchereza ndi kwa masiku atatu. Kuchereza kumeneko sikufanana ndi kumwetulira kogulitsa. Ngati achinyamata athu ayenera kukhala oonetsa alendo, aphunzire mbiri yonse ya nyanjayi, ya Jumbe ndi ya Mkwanda yomwe, amalize kaye sukulu ndi madrasa, ndipo akhale ndi mphamvu yomuuza mlendo mwaulemu kuti apa musajambule. Makomiti a mizikiti nawo angagwirizane zochita ndi mlendo wofuna kulowa, chifukwa alipo ofunsa: abwere pakati pa Asr ndi Maghrib, avale modzilemekeza, avule nsapato pakhomo, apeze munthu wodziwa womuyankha mafunso, amwe tiyi. Akatulutsa chikwama kuti alipire, timubwezere.