Jekete ya Amalume

Pa tchuthi chachikulu ndinamva kuti ku Senga Bay akufuna kalaliki wolemba nsomba zimene asodzi amakocheza nazo padooko. Ndinkaifunitsitsa ntchitoyo, pakuti mwera wa mu Julayi unali utaswa bwato la bambo, ndipo ya fizi panalibe. Sabata yathunthu ndinaloŵeza mayankho a Chingerezi, ndikumayankhula ndi mlambe wa kuseri kwathu ngati ndiwo bwana. Amalume anandibwereka jekete; manja ake ankandifika m'zala.

Ndinafika thukuta lili kamukamu. Bwanayo satifiketi yanga ya M.S.C.E. sanaiyang'ane n'komwe. Anangovundukula beseni nati, "Tandisiyanitsirani izi, achimwene."

Ine, amene ku Zomba ndimabisa zoti ndine mwana wa msodzi, ndinavula jekete ija n'kupisa manja. Utaka apa, mcheni apo, kambuzi payekha. Tiana ta chambo, kasawala, ndinatiika pambali n'kunena kuti togwidwa chonchi ndi ukonde wa maso aang'ono.

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kwa bambo anga, bwana."

"Mubwere Lolemba."

Amalume anainunkhiza jekete yawo kaŵiri, osanena kanthu.