Kwa mwana wanga wopanga mabiti ku Dzaleka

Mwana wanga,

Nyimbo imene mwapanga ndi anzako a ku Congo ndi ku Burundi ija ndaimvera. Gitala ya rumba mwaikhazika bwino pamwamba pa biti ya amapiano. Koma kick yako yamira. Pa foni sikumveka n'komwe, ndipo pa sipika yaikulu ikulimbana ndi log drum mpaka sudziwa kuti yagunda ndi iti. Wandiuza kuti unaika multiband ya Maximus pa kick n'kupotokola mabandi onse atatu. Pamenepo ndiye pagona nkhani.

Kick ikagunda kamodzi imatulutsa mawu angapo nthawi imodzi. Pansi penipeni, 40 mpaka 60 Hz, ndi paja umamva m'chifuwa. Kuchokera 60 kufika 100 Hz pali mphamvu ya kugundako. Cha m'ma 300 Hz pamakhala phokoso lotsamwitsa, ndipo pamwamba, 2000 mpaka 5000 Hz, pali ka "tha!" kamene kamadziwitsa khutu kuti kick yafika. Compressor wamba sasiyanitsa zimenezi: besi ikakwera amapondereza zonse, ndi ka "tha!" komwe. Multiband imagawa mawuwo m'mabandi kuti upondereze pokhapo pamene pavuta. Oyimba ng'oma za gule kwathu kuno ku Dowa amatero kumene. Ng'oma ikamalira mopyapyala amamata phula pakati pa chikopa, ikalefuka amaiyandikiza kumoto kuti ikungike, ndipo amayamba aimenya kaye kuti amve chimene ikufuna.

Tsono dziwa kuti kick yakoyo ndi sample. Kaya inachokera ku TR-808 ya Roland ya 1980 kaya ku TR-909 ya 1983, imagunda chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Palibe dzanja la munthu limene limamenya mwamphamvu apa, mofooka apo. Choncho ngati pa 300 Hz pakutsamwitsa, dula ndi EQ basi. Ngati sample yakeyo njoipa, isinthe. Anyamata ambiri amathera usiku wonse akukonza kick imene akanaitaya m'mphindi imodzi.

Multiband imathandiza kick ikakhala ndi mchira wautali, besi yake n'kumapitirira kulira kugunda kutatha. Ika malire a bandi yapansi cha pa 120 Hz, mabandi enawo uwasiye. Ratio ikhale 3:1 kapena 4:1. Attack usaifulumize: ipatse ma millisecond 20 mpaka 30 kuti mutu wa kick udutse compressor asanagwire. Mita ikamaonetsa kuti watsitsa 2 kapena 3 dB, lekera pomwepo. Release uiyeze ndi liwiro la nyimbo. Pa 112 BPM, kugunda kulikonse kumatalikirana ndi kunzake mopitirira pang'ono theka la sekondi, ndiye compressor azikhala atamasula kick yotsatira isanafike. Kumbukiranso kuti malire a mabandi nthawi zambiri amasokoneza phase pang'ono, n'chifukwa chake kick yogawidwa m'mabandi nthawi zina imatuluka yofooka kuposa mmene inalowera.

Koma m'nyimbo yako wolakwa weniweni ndi log drum. Patula mbali yake yapansi, uiike pa tchanelo yakeyake, ndipo ndi sidechain ya Fruity Limiter izigonja pang'ono kick ikagunda. Mbali yapamwamba usaikhudze, ndiyo imene anthu amavinira.

Chipinda chimene mumagwiriramo ntchito usachikhulupirire. Dzaleka inatsegulidwa mu 1994 kuti isunge anthu pafupifupi 10,000, lero muli oposa 50,000, ndipo nyumba zake n'zothinana, zipinda n'zazing'ono. Funde la mawu a 50 Hz ndi lalitali pafupifupi mamita 7, kuposa chipinda chanucho. Limagunda khoma n'kubwerera, ndiye pakona besi imachuluka, pakati imasowa. Ukakhala posowa besi umaiwonjezera, osadziwa kuti ilimo kale yokwanira. Uziyendayenda m'chipindamo pomvera, uyerekeze ndi mahedifoni, kenaka ndi foni. Kasipika ka foni sikatulutsa besi yapansiyo, ndipo omvera ako ambiri, kuyambira pamsika wa Dzaleka mpaka ku Mponela, nyimbo amaimvera pomwepo.

Ukuti mukufuna kukaimba ku Tumaini, chikondwerero chimene Menes La Plume anayambitsa mu 2014. Kumeneko mukaimbira panja, popanda makoma obweza besi, ndipo masipika akuluakulu akaulula chilichonse chimene chipinda chinakubisira. Musanapite, pemphani amene amabwereketsa zoimbira pa maukwati akuyesereni nyimboyo pabwalo.

Ukamayerekeza kick yokonza ndi yosakonza, zonse zikhale pa voliyumu imodzi, chifukwa yokwera imamveka yokoma nthawi zonse. Mnzako azisintha iwe utatembenuka, usadziwe kuti ikulira ndi iti.

Amayi ako akupereka moni kwa anzako onse.

Ndine,
Bambo ako