Tsiku limene mkaka umasefukira dala

Kwathu mkaka ukasefukira pa mbaula, kumakhala kukalipidwa: mwawonongeranji? Koma m'mabanja ambiri achihindu, makamaka kumwera kwa India, pali tsiku limene amausiya dala usefukire, onse n'kusangalala. Ndi tsiku lolowa m'nyumba yatsopano, pa mwambo wotchedwa Griha Pravesh.

Salowa mwachisawawa ayi. Wansembe amayang'ana kalendala yawo ya panchang n'kusankha tsiku ndi ola lake. Pamwamba pa chitseko amapachika masamba a mango ndi maluwa, pansi pakhomo n'kujambula zokongoletsa ndi ufa wa mpunga. Banja limalowa motsogoza phazi lamanja, litanyamula kalash, kamphika kamkuwa kamadzi kokhala ndi masamba a mango ndi kokonati pakamwa pake. Pemphero loyamba limapita kwa Ganesha, mulungu wa mutu wa njovu, amene amakhulupirira kuti amachotsa zopinga. Kenako amayatsa moto wa havan n'kumathiramo ghee, mafuta ochokera ku mkaka. M'madera ena amalowetsa ngakhale ng'ombe ndi thole lake.

Zikatero ndiye amatereka mkaka uja. Kusefukira kwake ndi pempho lakuti chakudya m'nyumbamo chidzachuluke mpaka kutsalako. Wotsala mumphika amauthira shuga, ena amauphika ndi mpunga, ndipo aliyense wabwera amalawako. Apa mpamene pamandigwira mtima: ntchito yoyamba ya khitchini yatsopano ndi kudyetsa anthu.

Chimalizireni ku yunivesite ndasamuka katatu, monse m'nyumba za lendi. Mukudziwa kale mmene timachitira. Lole ya hayala imabwera chakumadzulo kuti aneba asawerenge katundu, matilesi pansi, kenako kusaka soketi yotchajira foni. Mwezi umatha osadziwa dzina la wokhala khomo loyandikana. Tsiku lodwala kapena lobedwa ndi limene umazindikira kuti palibe woti um'gogodere.

Sikuti tiyambe kuyatsa havan. Mwambowu uli ndi eni ake komanso chikhulupiriro chake. Chimene ndatolapo ine n'chakuti kulowa m'nyumba kumafuna mboni. Ngakhale ikhale chipinda chimodzi cha lendi, tsiku loyamba itanani achibale awiri ndi aneba, mupemphere mwa njira yanu, muwiritse tiyi. Makapu akaperewera, bwerekani kwa aneba omwewo. Kudziwana kumayambira pomwepo.