Mbale Imodzi, Anthu Awiri: Tsiku pa Chiwaya cha ku Chiputula

M'mwezi wa June ku Mzuzu kumacha mochedwa. Nthawi ikamakwana 5 koloko, Chiputula amakhala akadali m'chifunga, ndipo kamvula kowaza, kamene anthu akuno sakawerengera ngati mvula, kamakhala katanyowetsa nkhuni zonse zimene zinagona panja. Woyamba kufika pa chiwaya ndi mnyamata wantchito, atadzikuta m'chijasi cha pakaunjika, mpeni m'thumba. Amakhala pa ndowa yovundikira n'kuyamba kusenda kachewere, zala zili gwa ndi chisanu.

Malowo ndi ochepa: chisakasa cha malata angapo, mabenchi awiri, tebulo limodzi loyalidwa pulasitiki, ndi chiwaya chenichenicho, chitsulo chotambalala chokumbika pakati pothira mafuta, chokhazikidwa pa ng'anjo ya njerwa. Palibe chikwangwani. Amene amadyapo amapadziwa ndi dzina la mwini wake, ndipo mlendo amalondola utsi.

Chilichonse chokazingidwa pamenepa chayenda ulendo. Kachewere ndi tomato amatsika kuchokera ku Jenda mumsewu wa M1, kachewere wina amachokera kutali ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo thumba likagulidwa kumsika wa Zigwagwa limafika kuno pa njinga yakapalasa imene kuno amati Sacramento, wopalasa ali thukuta kamukamu ngakhale kukuzizira. Chimene chimamusowetsa tulo mwini malo ndi mafuta. Chichokereni pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ophikira sanabwererenso pamtengo umene anthu anauzolowera. N'chifukwa chake am'mawa amayamba ndi otsala dzulo, odera ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo atsopano amathiridwa pang'onopang'ono dzuwa likamakwera. Sindiyamikira zimenezi, koma amene akufuna kudzudzula ayambe wafunsa mtengo wa chigubu cha malita 20.

Makasitomala am'mawa sakhala pansi. Anyamata a kabaza amaimika njinga zamoto osazizimitsa, n'kudya zibwente chiimire, maso ali kumsewu. Masana kumabwera amisiri omanga nyumba, simenti ili mbuu m'mikono, ndi ana asukulu amene amasonkha timakobidi n'kugawana zigege. Moni ndi wa Chitumbuka, kutsatsa malonda n'kwa Chichewa, ndipo mkangano wa chenji umatha kuchitika m'zilankhulo zonse ziwiri nthawi imodzi. Ikapitirira 2 koloko pamakhala zii. Mwini malo amaodzera pa benchi kapena amakaonerera bawo, mnyamata uja n'kumadula kabichi, anyezi ndi tomato. Cha m'ma 4 koloko mwendo wa mbuzi umafika, pamodzi ndi chiwindi ndi nthumbwana, ndipo umakolekedwa pa waya poonekera.

Ntchito yonseyi, kunena zoona, imakonzekera maola awiri okha, kuyambira 6 koloko mpaka 8 madzulo.

Kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean kuli kadyedwe kamene anthu ochita bwino a m'mizinda ikuluikulu amakakonda akafuna kucheza ndi wokondedwa. Ku Greece, Turkey ndi Lebanon amati meze, ku Spain amati tapas. M'malo mwa mbale imodzi yodzaza, patebulo pamabwera timbale tambiri: zipatso za olivi, tchizi, buledi wosunsa mu tchana yopera, kansomba kokazinga, kanyama kootcha. Onse amatapa momwemo, kambale kena kakatha n'kuitanitsa kena. Cholinga si kukhuta msanga. Chakudya chimabwera pang'onopang'ono kuti macheza atalike.

Ku Chiputula chimene chimagwira ntchito imeneyi ndi chiwaya, ngakhale mwini wake sanakhalepo pansi n'kuganiza choncho. Taonani awiri awa amene atsika pa njinga yamoto imodzi kuchokera cha ku Luwinga, kumene kuli Mzuzu University. Mnyamata safunsa mtsikana chimene akufuna, amangoti, "Achimwene, tiyikireni tchipisi mbale imodzi, tsabola pambali." Mbale imafika ndi timitengo tiwiri tobayira. Akafika pakati, mnyamata amadzuka n'kukaloza nthuli zinayi za mbuzi. Zikatha, mtsikana amati chiwindi chikuoneka bwino. Kenako dzira lokazingira pamodzi ndi tchipisi totsala, monga amachitira anzathu a ku Tanzania, amene malonda awo adzaza msika wa Taifa m'tauni. Fanta ndi mmodzi. Ola lathunthu limatha, ndipo ndalama imene yatuluka singakwane mbale ya munthu mmodzi kuhotela.

Wina anganene kuti umenewu ndi umphawi basi, kuti akugula pang'onopang'ono chifukwa mnyamatayo akuwerengera m'mutu zotsala m'thumba. N'zoona, akuwerengadi, ndipo mtsikanayo akudziwa. Koma kumbukirani kumene tachokera. M'makomo ambiri mmene tinakulira, abambo ankadya paokha, amayi ndi ana kukhitchini, ndipo mkazi ankagwada popereka madzi osamba m'manja. Namwali kutafuna pamaso pa mnyamata womufunsira chinali chinthu chamanyazi. Ankati wakhuta ngakhale m'mimba mukulira. Pa benchi ili mtsikana akubaya nthuli yomaliza mnyamata akuona, ndipo akuseka. Ine ndimaona kuti kusintha kumeneku n'kwakukulu kuposa kumene timamva m'misonkhano ya kuhotela yokamba za amuna ndi akazi, ndipo palibe bungwe limene linakulipirira.

Si achinyamata okha. Kumapeto kwa mwezi mumaona bambo wovala yunifolomu ya ulonda ali ndi mkazi wake, mwana ali kumbuyo. Iwowa salankhula zambiri. Mkazi amaitana mwamuna wake ndi dzina la mwana, bambo a uje, ndipo mwamunayo amakankhira nyama yofewa kumbali ya mkazi osayang'ana. Kunyumba nsima ikudikira, ndiye apa sanabwerere njala. Palinso ena amene amakhala kunsonga ya benchi kumene babu safika, mtsikana atafunda chitenje kumutu. Chiputula ndi wodzaza anthu odziwana, ndipo mayi wa kumpingo wodutsa ndi ndiwo zake akhoza kufikitsa nkhani kwa azakhali tchipisi tisanazizire.

Mwini chiwaya amaona zonsezi koma pakamwa pake n'potseka, ndipo imeneyi ndi theka la bizinesi yake. Amadziwa amene anabwera ndi wina Lachiwiri n'kubwera ndi winanso Loweruka, koma onse amawalandira mofanana: "Takulandirani, asisi, khalani apa pali kamoto." Amadziwanso nthawi yoika basela. Mnyamata akazengereza polipira, supuni ina ya tchipisi imagwera m'mbale popanda mawu, kuti asachite manyazi pamaso pa mlendo wake. Ndipo masiku ano si zachilendo kuona mtsikana akufunsa nambala mwakachetechete n'kulipira yekha pa Airtel Money kapena Mpamba mnyamata akusamba m'manja.

Magetsi akazima palibe amene amadzuka. Kandulo amaimikidwa m'botolo, ena amayatsa tochi ya foni, ndipo malawi a pansi pa chiwaya amakwanira. Kumayiko aja kandulo patebulo ndi chinthu chokonzeratu, ndipo chimakwera nacho mtengo wa chakudya.

Ikamakwana 9 koloko benchi limasintha eni. Achikondi amakhala atapita, chifukwa mtsikana ayenera kufika pakhomo geti lisanatsekedwe, ndipo kabaza usiku amakweza mtengo. Amabwera ochokera kumowa, ofuna mang'ina ndi tsabola wa kambuzi wambiri, mawu ali pamwamba, kukangana za Bullets ndi Wanderers kapena kufunsa ngati Moyale chaka chino ichitepo kanthu. Amenewa ndiwo amasiya ndalama zambiri, amenewanso ndiwo amathawa ndi ngongole. Mwini malo amawapirira mpaka nyama ithe. Kenako amawerenga ndalama atatembenukira kukhoma, mnyamata wantchito uja amasefera mafuta m'chigubu, ndipo mabenchi amamangidwa ndi tcheni.

Ngati muli ndi wina amene mukufuna kumudziwa bwino, pitani naye isanakwane 7 koloko madzulo, pamene mafuta atsopano athiridwa kale ndipo nyama ndi ya lero. Uzani achimwenewo akukazingireni zatsopano inu mukuona, itanitsani pang'onopang'ono, ndipo musaiwale juzi.