Kalata kwa Amayi: dzina la agogo anu m'mabuku a nkhondo ya Chiwaya

Amayi anga okondedwa,

  Kalatayi ndailemba poyera kuti enanso a ku Malindi, kwa Mponda, kwa Makanjira ndi kwa Nankumba aiwerenge, chifukwa funso limene munandisenzetsa si la banja lathu lokha.

Munandituma kuti ndifufuze kumene agogo anu aamuna anafera ndi chaka chake. Ndisakubisireni, dzina lawo sindinalipeze m'buku lililonse. Chimene ndapeza ndi chifukwa chake likusowa, ndiponso njira imene yatsala. Njirayo ikudzera mwa inu.

Mumatiuza zimene amayi anu anakuuzani: kuti amesenjala a boma anafika kwa anyakwawa mvula itayamba, kuti amuna ena anathawira kuphiri, ndipo kuti agogo anu anadzipereka okha atamva kuti akazi awo agwidwa m'malo mwawo. Amayi anu anali wakhanda kumsana. Patapita nthawi munthu wina wa mudzi woyandikana anabwerera ali wowonda, mapazi atatupa, nanena kuti anawasiya m'njira kuseri kwa Namwera akudwala kamwazi. Basi, nkhani inathera pamenepo. Panalibe mtembo, panalibe manda, ndipo agogo aakazi anameta maliro a munthu amene sanamuike.

Ndili mwana ndinkaiona ngati nthano. Lero ndikukuuzani kuti zimene munasunga zikugwirizana ndi zolembedwa. Tauni ya Mangochi nthawi imeneyo inkatchedwa Fort Johnston, ndipo inali khomo la nkhondo ya Chiwaya, imene ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mfuti ija ili pafupi ndi nsanja ya wotchi, imene mumaidutsa mukatsika pamlatho popita kumsika, inali pa sitima ya Guendolen. Sitimayi ndi imene inaononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa 13 Ogasiti 1914 ku Liuli, tsidya la Tanzania. Kuyambira 1916, pamene General Northey anatsogolera asilikali a Britain kulowa m'dziko limene Ajeremani ankalamulira, Tanzania ya lero, chakudya, zipolopolo ndi mankhwala zinkadzera pa Fort Johnston n'kukwezedwa m'sitima, ngakhale sitima ya amishoni ya Chauncy Maples inalandidwa kuti igwire ntchitoyi. Kumene sitima inalekezera, katundu ankayenda pamutu pa munthu. Mu Novembala 1917 Ajeremani otsogoleredwa ndi Von Lettow-Vorbeck anawolokera ku Mozambique, ndipo mu 1918 magulu a asilikali ananyamuka ku Fort Johnston kulowera kum'mawa, njira ya ku Namwera. Ndiye ngati mboni ija inanena zoona, agogo anu ayenera kuti anatengedwa m'dzinja la 1917 kulowa 1918. Kwa nthawi yoyamba tili ndi chaka choyambirapo.

Olemba mbiri amati amuna a dziko lino amene analowa usilikali wa King's African Rifles (KAR) anali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri mwa amene anafa sanaphedwe ndi chipolopolo. Inali njala, kamwazi, malungo ndi chibayo, munthu atasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20, akugona pansi ponyowa wopanda chofunda chokwanira.

Chimene chimandipweteka ndi ichi, Amayi. Boma la atsamunda linkadziwa kuwerenga anthu. Linali ndi kaundula wa msonkho wa nyumba, mudzi ndi mudzi, pansi pa dzina la nyakwawa. Ndi chiwerengero chomwecho linkadziwa kuti mudzi wakuti ungatulutse amuna angati. Pofuna msonkho agogo anu ankapezeka. Pofuna wosenza katundu anapezekanso. Koma atagwa m'njira panalibe amene anaona kuti n'kofunika kutumiza uthenga kwa mkazi wawo. Ku Ulaya munthu wofufuza gogo wake wa nthawi ya nkhondo amatsegula buku la anthu a m'tauni, napeza dzina, tsiku lobadwa ndi mzere wosonyeza imfa. Kuno kulembetsa imfa ya munthu aliyense kwayamba kukhala lamulo logwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika tinazilandira pa kalembera wa 2017. Zaka pafupifupi 100 zinadutsa pakati.

Pamwamba pa izo panagwa ngozi. Mu Febuluwale 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma kuno ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka za nkhondo anapsa. Otsala akusungidwa ku National Archives. Ndakhala pamenepo ndikutembenuza mapepala ofiirira, ofewa m'mphepete moti umawagwira ndi nsonga za zala, olembedwa ndi dzanja lopendama la bwanamkubwa kapena kalaliki wake. Dera lathu limalembedwa kuti South Nyasa. Mumapezeka mayina a mafumu, Mponda, Makanjira, Jalasi, nthawi zina olembedwa monga momwe mzungu anawamvera. Mumapezeka manambala a anthu ofunika, anthu otumizidwa, anthu othawa. Munthu wamba ndi dzina lake saonekamo kawirikawiri. Ndinalira ndili pampando, osati chifukwa cha kutopa, koma podziwa kuti mwina agogo anu ndi mmodzi mwa manambala amene ndinkawaloza ndi chala.

Kumanda a asilikali a pa Mangochi pomwepo, osamalidwa ndi bungwe la Commonwealth War Graves Commission, miyala ili m'mizere, uliwonse ndi dzina, gulu ndi tsiku la imfa. Sindikuwachitira nsanje anthu amenewo, nawonso anafera kutali ndi amayi awo. Koma amene anawasenzera chakudya ali kuti? Pa nsanja ya chikumbutso cha KAR kuno ku Zomba pali mayina a asilikali akuda, amtengatenga ngati agogo anu palibe malo awo. Mu Epulo 2021 bungwe lomwe lija linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo nduna ya zachitetezo ya Britain, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kuchokera pamenepo bungwelo likufufuza mayina otsalira m'mayiko a kuno kwathu. Kupepesa kwabwera mochedwa kwambiri, komabe kwatsegula khomo. Dzina limene banja lasunga ndi umboni wake tsopano lili ndi kopita.

Apa m'pamene ndikukufunani, chifukwa pali zinthu zimene pepala silingandiuze.

Choyamba ndi dzina lenilenilo. Ife timawadziwa ndi dzina limodzi, lija munapatsa mchimwene wanga. Koma mwamuna wa Chiyao wa nthawi imeneyo anali ndi dzina laubwana, kenako lina atatuluka ku jando, ndipo pamudzi ankaitanidwa kuti bambo a uje. Wina popita kuntchito ya azungu ankatchulanso dzina lina poopa kuti akathawa angamulondole. Kalaliki analemba liti? Ndikhoza kukhala kuti ndinalidutsa dzina lawo osalizindikira. Funsani amalume, funsaninso azakhali aja a kwa Chimwala, aliyense payekha, kuti wina asatengere mnzake.

Kenako mudzi. Agogo anu anali mkamwini. Nyumba inali kwa akazi awo kufupi ndi Malindi, koma kwawo kobadwira kunali kumtunda. M'kaundula akhoza kupezeka pansi pa nyakwawa wa kuchikamwini kapena wa kwawo. Ndikufuna mayina a anyakwawa onse awiri a nthawi imeneyo, osati olowa ufumu a lero, pakuti midzi inagawikana ndipo ina inasamuka.

Palinso mabuku a tchalitchi. Agogo aamuna anali Msilamu, ndiye m'buku la maliro la mishoni sangapezekemo. Koma munandiuza kuti amayi anu anabatizidwa ku Anglican ali mtsikana. M'buku la ubatizo nthawi zambiri mumalembedwa makolo ndi mudzi, ndipo mzere umodzi wotere ungatipatse kalembedwe ka dzina la bambo awo. Mukapite kwa abambo a mpingo mukapemphe mwaulemu kuti akuonetseni, mutenge mdzukulu wanu wamkulu ajambule tsambalo pafoni.

Ndikufunanso mukumbuke bwino za mboni ija. Inabwerera fuluwenza isanafike kapena itafika? Mliri umenewu unalowa m'dziko muno kumapeto kwa 1918, nthawi imene amtengatenga ankabwerera, nkhondo itatha ndi kugonja kwa Ajeremani ku Abercorn pa 25 Novembala 1918. Akuluakulu sankasunga zaka, koma sankaiwala chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Mukandiyankha funso limeneli, nthawi ya imfa tiichepetsa kufika pa miyezi yowerengeka.

Ndikulonjezeni chinthu chimodzi: sindidzakubweretserani dzina longofanana kuti mtima wanu ukhale pansi. Mayina ngati awo alipo ambiri m'mbali mwa nyanja muno. Ndikatola la munthu wina, ndiye kuti ndabera banja lina gogo wawo, ndipo athu ndawataya kachiwiri. Ndi bwino kulemba kuti anamwalira cha mu 1918, kum'mawa kwa Namwera, malinga ndi mboni ya m'mudzi wakuti. Mawu amenewo ndi ochepa koma ndi oona.

Musadzichepetse kuti simunapite patali ndi sukulu. Buku lodziwika la nkhondoyi, The Chiwaya War la Melvin Page, linalembedwa makamaka kuchokera pa zimene nkhalamba za m'midzi zinafotokoza m'zaka za m'ma 1970. Onse amene anaiona nkhondoyo anapita. Mwatsala inu amene munamva kuchokera pakamwa pawo, ndipo nanunso mukuchepa. Chaka chino chokha taika awiri a msinkhu wanu.

Ndibwera pa tchuthi cha Khirisimasi ndi kope latsopano. Muitane amalume ndi azakhali, muwauziretu anyakwawa, tikhale pansi pa mtengo wa mango tsiku lathunthu. Tikalembe agogo anu, tikalembenso mwamuna aliyense wa m'mudzimo amene anatengedwa osabwerera, aliyense ndi mayina ake onse ndi mudzi wake. Kope limodzi lidzakhala kwa anyakwawa, lina ndidzalipereka kosungira mbiri kuno ku Zomba ndi kwa ofufuza mayina aja. Nanunso amene mukuwerenga kalatayi, ngati kwanu kuli nkhalamba yokumbuka za mtengatenga, musadikire kuti mudzaifunse chaka chamawa. Pitani mwezi uno, mutenge cholembera.

Mupereke moni kwa onse.

Ine mwana wanu wachisamba.