SITIMA YOPANDA UTSI YADABWITSA MKULU WA KU KATETE

M'mudzi wina wa m'boma la Katete muli mkulu amene pa unyamata wao anagwirapo nchito pa doko la Mpulungu. Nchito yao inali kusenza matumba a simenti kucokera m'malole ndi kukawalonga m'sitima zopita ku Bujumbura. Kufikira lero phewa lao lamanja ndi lotsika pang'ono. Akamasimba za nyanja ya Tanganyika sayamba ndi madzi kapena kapenta ai. Amayamba ndi utsi wakuda umene unali kufuka sitima ikamanyamuka, utsi wodetsa malaya ndi woyabwa pakhosi.

Tsiku lina madzulo, banja likuwerenga matumba a feteleza amene linagula, mdzukulu wao wamkazi wa ku sekondale anawauza zimene anamva kwa aphunzitsi. Anati ku dziko la Norway kuli sitima yonyamula feteleza imene situlutsa utsi, ndiponso kuti anaipanga mwakuti m'tsogolo izidziyendetsa yokha. Mkuluyo anaseka nati, "Mwana iwe, sitima yosafuka utsi ndi sitima yakufa."

Koma mwanayo sanali kunama. Sitimayo dzina lace ndi Yara Birkeland, ndipo mwini wace ndi kampani ya Yara, imene feteleza wace amagulitsidwa ndi kuno ku Zambia. Inayamba nchito m'caka ca 2022. Kutalika kwace ndi mamita 80, ndipo imanyamula mabokosi aakulu acitsulo okwana 120. Ilibe injini yamafuta. Imayendera mabatire aakulu amene amawadzaza magetsi ikaima pa doko, ndipo magetsi ambiri a ku Norway amacokera ku mphamvu ya madzi, monga a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Ulendo wace ndi waufupi, kucokera ku fakitale ya feteleza ya ku Porsgrunn kufika ku doko la Brevik. Eni ace anawerengera kuti idzacotsa pamseu maulendo a malole okwana 40,000 caka ciri conse.

Mkuluyo atamva izi anakhala cete. Kenaka anafunsa funso limene linali kuwasautsa mumtima: "Nanga anthu a m'sitimamo apita kuti?" Iwo amakumbukira bwino kuti malipiro a pa doko ndiwo anawagulira ng'ombe ziwiri zoyamba ndi malata a nyumba imene akugonamo. Kwa iwo sitima inali malo odyerapo mabanja ambiri, kuyambira woiyendetsa kufikira wosenza matumba.

Funsoli ndi lolemera, ndipo a ku Norway nawonso sanalipeputse. Sitimayo ili ndi makamera ndi makina a kampani ya Kongsberg, amene amaona zombo zina ndi zopinga za panjira usana ndi usiku. Komabe pamene inayamba nchito munali anthu m'kati mwace, oyang'anira makinawo ndi okonzeka kugwira ciwongolero zinthu zikabvuta. Anthu ena anakhala pamtunda, m'tauni ya Horten, kumene anali kupenyerera ulendo wace pa makompyuta. Motero nchito siinathe yonse, koma inayamba kusamuka. Ikucoka pa phewa ndi pa mkono, ikupita kwa munthu wodziwa magetsi, masamu ndi makina.

Nanga n'cifukwa ninji maiko akudzibvuta ndi zimenezi? Katundu woposa magawo 80 mwa magawo 100 a malonda a pakati pa maiko amayenda pamadzi. Sitima zazikulu zakhala zikutentha mafuta akuda olemera, otsalira poyenga petulo ndi dizilo. Mpweya umene zimatulutsa ndi pafupifupi magawo 3 mwa magawo 100 a mpweya wonse umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Bungwe la maiko loona za maulendo a panyanja, la IMO, limene likulu lace liri ku London, linalamula kuti kuyambira pa 1 January 2020 sulufule wa m'mafuta a sitima atsike kucoka pa magawo 3.5 kufika pa theka la gawo limodzi mwa magawo 100. M'caka ca 2023 maiko a m'bungwelo anapangana kuti pofika ca m'ma 2050 sitima zidzaleke kuonjezera mpweya woipawu m'mlengalenga.

Mabatire paokha sangaolotse sitima yaikulu pa nyanja yamcere, pakuti ulendowo umatenga masabata. N'cifukwa cace akatswiri akuyesa njira zina. M'caka ca 2023 kampani ya Maersk ya ku Denmark inatulutsa sitima yochedwa Laura Maersk, yotha kuyendera mafuta a methanol, amene angapangidwe kucokera ku zinyalala zowola. M'caka comweco sitima ina, Pyxis Ocean, anaimangirira matanga awiri olimba, otalika mamita 37, kuti mphepo izithandiza injini. Apa mkulu uja anapukusa mutu nati, "Asodzi a pa Tanganyika anali kudziwa kale zimenezo."

Nkhawa yao yaciwiri inali ya mtengo. Dziko la Zambia liribe doko la kunyanja yamcere. Feteleza wocokera kunja amatsikira pa madoko monga Dar es Salaam ndi Beira, ndipo amatsiriza ulendo wace pa njanji kapena pa malole. Mafuta atsopanowa ndi okwera mtengo kuposa mafuta akuda aja. Ngati mtengo wa ulendo wa panyanja ukwera, mlimi wa ku Katete angadzaumve pogula thumba, ngakhale sanaonepo nyanjayo ndi maso. Koma mkuluyo sanaiwale ciliri ca 2024, pamene cimanga cinauma ciri ciimire m'minda ndipo madzi a ku Kariba anaphwa kufikira magetsi anasowa m'dziko. Akatswiri a zanyengo amacenjeza kuti dziko likapitiriza kutentha, zaka zotere zidzacuruka. Thumba likhoza kukhala lochipa, koma popanda mvula feteleza sabala kanthu.

Usiku umenewo mkuluyo sanagamule kuti sitima yatsopanoyo ndi yabwino kapena yoipa. Anatembenuza thumba limodzi nayang'anitsitsa malemba ace pa kuwala kwa nyale. Atatero anaitana mdzukulu wao nati, "Cakudza siciimba ng'oma. Ine ndinadyera phewa, koma iwe phewa silidzakudyetsa. Masamu aja umadandaula nawo usawaleke."

"Ndamva, agogo," anayankha mwanayo.

M'mawa mwace anapita onse kumunda kukathira feteleza, mvula isanabwerenso.