Nkhwani wa ku Hidcote

Seputembala akafika kuno ku England, dzuwa limayamba kulowa msanga, ndipo anthu amathamangira kukaona maluwa chisanu chisanawawononge. Mnzanga wa ku Dedza amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba anandikakamiza kuti tipite ku Hidcote, pafupi ndi tauni ya Chipping Campden m'dera la Cotswolds. Ine ndinkafuna kugona tsiku langa lopuma, koma galimoto inali yake, mafuta ake, ndikanakana bwanji?

Nyumba ya ku Hidcote ndi yakale, yamiyala yofiirira ngati uchi, koma anthu sabwerera nyumbayo. Amabwerera munda. Mayi wina wolemera wa ku America, Gertrude Winthrop, anagula malowa mu 1907, ndipo mwana wake Lawrence Johnston anathera zaka pafupifupi 40 akusandutsa minda yapafamu kukhala munda wamaluwa wa maekala oposa 10. Mu 1948 anaupereka ku bungwe la National Trust, iye n'kukakhala ku France komwe anamwalira mu 1958.

Bamboyu anadula mundawo m'zipindazipinda. Makoma ake ndi mitengo yobzalidwa mothithikana, yometedwa mowongoka mpaka kufuna kuigwira kuti utsimikize ngati ili yamoyo. Ukalowa pakhomo lina upeza maluwa oyera okhaokha, ukatulukira lina upeza thamanda lozungulira, madzi ali zii. Tinapikicha masamba a lavenda, mtundu wotchedwa ndi dzina la malowa, fungo lake n'kutsala m'zala mpaka madzulo. Pafupi ndi nyumba pali mkungudza waukulu wa ku Lebanon, nthambi zake zotambalala. Ndinaima pansi pake mtima uli ku Mulanje, kwa mkungudza wathu uja amene macheka ndi moto zatsala pang'ono kuutha. Uwu wa ku Hidcote uli ndi anthu olipidwa oti aziuyang'anira.

Pamene ndinaseka ndi pa mabedi a maluwa ofiira okhaokha. Pakati pa madaliya panali makana, masamba akuluakulu, maluwa ali psuu, azungu akujambula ndi mafoni. Makana! Kwathu ku Chiradzulu amamera okha kuseri kwa bafa, pomwe madzi osamba amadikha, ndipo amayi amawakhapa ndi chikwanje akachulukitsa. Mmodzi mwa osamalira munda, gogo wongodzipereka, anatiuza kuti maluwa osapirira ngati amenewa amawakumba chisanu chikayandikira, n'kuwasunga pofunda mpaka kuzizira kutatha. Mnzanga anandigunda ndi chigongono: "Achemwali, ndiye kuti ife tinasiya chuma kuseri kwa bafa."

Johnston ankayenda kutali kukasaka zomera. Mu 1927 anapita ku South Africa, mu 1930 ku Yunnan ku China. Sindimunyoza, diso anali nalo, ndipo munda wotere sutheka ndi ndalama zokha. Koma ine ndinakulira pamalo pomwe chomera chimayamba chafunsidwa ngati chimadyedwa, kapena ngati chimachiza m'mimba. Kuyenda maola angapo pakati pa zomera zongoti uzizione, manja ali kumbuyo, kunanditopetsa mwamtundu wina.

Ndiye tinafika kudimba la ndiwo. Kabichi, nyemba zoyanga pamitengo, anyezi, ndipo kumapeto kwake maungu. Maungu enieniwo sindinawasamale. Maso anga anali pa nsonga, masamba anthete aja aubweya, ambirimbiri, akuyanga kulowera m'njira popanda wowathyola. Kuno amadikira dzungu lokha. Masamba amaola chisanu chikagwa. Zala zinandiyabwa. Ndinaona amayi atakhala pamkeka, lichero pamiyendo, akusenda minga ya nkhwani kuchokera kuphesi, nsinjiro zili kale m'mbale, chidulo chili pambali. Mwezi ngati uno kwathu kukutentha, mango akuyamba kumanga, ndiwo zake ndi mfutso kapena nkhwani wa kudimba la kumtsinje.

Ndinamufunsa gogo uja ngati pali amene amadya masambawo. Anandiyang'ana modabwa, kenako anafunsa kaphikidwe kake, ndipo ndinamufotokozera zonse, mpaka pothira tomato. Anamvetsera mwachidwi, akugwedeza mutu. Kuthyola ndiye sanandiuze kuti ndithyole, nanenso sindinapemphe.

Pobwerera tinaima pasitolo ina kugula sipinachi wa m'pepala ndi chiponde cha m'botolo. Mnzanga akuti chaka chamawa abzala maungu m'zidebe kuseri kwa nyumba imene amachita lendi, bola mwini nyumba asadandaule. Mbewu ndi imene tikukanganirana: iye akuti tigule konkuno, ine ndikuti ya kuno masamba ake sangakome ngati a kwathu.